Lundy ndi Zipata za Derry

Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya mbiri ya maiko. Lero tikupita kumpoto kwa chilumba cha Ireland, kudziko laling'ono la anthu pafupifupi 1.9 miliyoni lotchedwa Northern Ireland, limene lili pansi pa ufumu wa Britain. Sendezani wailesi pafupi, chifukwa nkhani yake ili ndi mayina achilendo ambiri, koma ndiziwatchula mwachifatse.

Loweruka loyamba la Disembala, chaka ndi chaka, mumzinda wina kumeneko mumachitika mwambo umene mlendo sangaumvetse akauona koyamba. Nyengo imeneyo kumakhala chisanu, ndipo kumada ikamakwana 4 koloko. Amuna ovala masuti amafola mumsewu, ng'oma ndi zitoliro zikulira. Kenaka amatulutsa chidole chachikulu, chotalika ngati nyumba yosanja, chovekedwa yunifolomu ya msilikali wamakedzana. Pachifuwa pake pamakhala chikwangwani chonena kuti uyu ndi wopereka anzake. Amachikoleka m'mwamba n'kuchiyatsa moto, khamu lonse likufuula.

Anthu otentha chidolewa ndi Apulotesitanti, ndipo mkangano wawo wa zaka mazana ndi wa pakati pa iwo ndi Akatolika a m'dzikomo. Ndiye mwina mukuganiza kuti chidolecho ndi cha Papa, kapena cha mfumu yachikatolika imene inazinga mzindawo. Ayi. Ndi cha Robert Lundy, Mpulotesitanti mnzawo, amene anali mkulu wa asilikali oteteza mzindawo mu 1689. Mdani amene anabwera ndi mizinga anamusiya. Amene samukhululukira mpaka lero ndi wa m'nyumba momwemo.

Mzinda umenewu ngakhale dzina lake ndi mlandu. Akatolika amati Derry. Apulotesitanti ambiri amati Londonderry, dzina limene unapatsidwa mu 1613 chifukwa amalonda a ku London ndiwo anaika ndalama zomangira linga lake. Ine ndiziti Derry poti ndi lalifupi, osati chifukwa ndasankha mbali.

Kodi Apulotesitantiwa anapezeka bwanji pachilumba cha Akatolika? Kuyambira mu 1609, mfumu James Woyamba, imene inkalamulira England ndi Scotland, inayamba kugawa minda ya m'dera la Ulster, kumpoto kwa chilumbachi, kwa anthu obwera. Ochokera ku Scotland ambiri anali a mpingo wa Presbyterian, ochokera ku England anali a Angilikani. Eni nthaka, Akatolika olankhula chinenero chawochawo, ena anakankhidwira kumapiri ndi kumadambo, ena anasanduka olipira lendi pamunda wa makolo awo. Obwerawo ankalima akudziwa kuti mundawo uli ndi mwini wake amene akuwayang'ana. Mu 1641 eni nthakawo anaukira, ndipo Apulotesitanti zikwi zingapo anafa, ena ndi lupanga, ena ndi chisanu atathamangitsidwa m'nyumba zawo. Pamlatho wa Portadown anthu pafupifupi 100 anaponyedwa mumtsinje wa Bann. Kubwezera kwake kunali koopsanso, makamaka Oliver Cromwell atafika ndi asilikali ake mu 1649. Koma chimene chinatsalira m'mitima ya Apulotesitanti ndi mlatho uja, ndipo mpaka pano umajambulidwa pansalu zimene amanyamula pa perete.

Tsono tifike mu Disembala 1688. Pampando wa ufumu ku England panali povuta. Mfumu James Wachiwiri inali Mkatolika, ndipo akuluakulu achipulotesitanti anali ataitana mkamwini wake, William wa ku Orange, kuchokera ku Holland kuti adzatenge ufumuwo. M'tauni ya Comber munapezeka kalata yopanda dzina yonena kuti pa 9 Disembala Apulotesitanti onse aphedwa. Tsikulo linafika n'kudutsa popanda chochitika, koma mphekesera inali itagwira kale ntchito yake. Pa 7 Disembala, asilikali achikatolika a James atafika pamtsinje wa Foyle kuti alowe mu Derry, akuluakulu a mzinda anali akukambirana kuti atani. Anyamata 13 ophunzira ntchito zamanja sanadikire zokambiranazo. Analanda makiyi n'kutseka zipata.

Lundy anapatsidwa udindo woteteza mzindawo, ndipo anatsata William. Koma mu Epulo 1689 anagonjetsedwa pamadooko a mitsinje kumwera kwa Derry, ndipo anabwerera ali wotaya mtima. Zombo zitabwera ndi magulu awiri a asilikali kuchokera ku England, iye anawabweza ponena kuti chakudya n'chochepa ndipo linga silingapirire mizinga. Anthu atamva kuti akufuna kukambirana zogonja, anamuukira. Pa 18 Epulo James yemwe anafika pafupi ndi chipata, akuyembekeza kuti amutsegulira, koma anamulandira ndi zipolopolo komanso mfuu ya mawu awiri amene lero alembedwa pazipupa m'madera onse a Apulotesitanti: No Surrender, kutanthauza kuti sitigonja. Lundy anathawa usiku atadzizimbaitsa ngati msilikali wamba.

Mzindawo unazingidwa masiku 105. Linga lake ndi laling'ono, kulizungulira ndi mtunda wa kilomita imodzi ndi theka basi, koma m'katimo munadzazana anthu pafupifupi 30,000. Anadya akavalo, kenaka agalu, kenaka makoswe ndi mbewa, mpaka mafuta opangira makandulo. Malungo ndi kamwazi zinapha anthu zikwizikwi. Ndipo apa pali mfundo ina imene ndikufuna muisunge. Zombo za ku England zobweretsa chakudya zinafika chapakati pa Juni, ndipo anthu ankaziona akakwera pansanja ya tchalitchi. Koma asilikali a James anali atapingasa mitengo ndi unyolo mumtsinje, ndipo mkulu wa zombozo anakhala pafupifupi masabata 6 osayesa kudutsa. Tangoganizani mayi amene mwana wake akufa ndi njala, chakudya chikuoneka ndi maso. Pa 28 Julaye ndi pamene chombo chotchedwa Mountjoy chinagunda mpingasowo n'kuuthyola, ndipo woyendetsa wake, Michael Browning, mwana wa mumzinda womwewo, anawomberedwa n'kufa asanafike padooko.

Mwana wachipulotesitanti akamamva nkhani imeneyi amatolamo zinthu zitatu popanda womuuza. Kunja kwa linga kuli mdani. Bwenzi la kutsidya kwa nyanja limachedwa, ndipo mwina silibwera. Ndipo woopsa koposa ndi munthu wamkati amene akuti tiyeni tikambirane. Dzina la Lundy linaleka kukhala dzina, linasanduka chitonzo. Ife kuno tili ndi mawu otere. Akuluakulu amene anaona nthawi ya Chitaganya akukumbukira mmene mawu akuti kapirikoni, ochokera ku dzina la bungwe la Capricorn Africa Society, ankamuvulira munthu ulemu wonse pakamphindi. Munthu akangoti ndiwe kapirikoni, panalibenso womvera zifukwa zako. Ku Ulster mawu ake ndi Lundy, ndipo akhala akuluma zaka zoposa 300.

Tipume pang'ono ndi kanyimbo, tibweranso.

[Kanyimbo]

Takulandiraninso omvera. Anthu amene tikukambawa amadzitcha ma Unionist, kutanthauza ofuna umodzi ndi Britain, ndipo ena, makamaka a m'makomboni a anthu ogwira ntchito zamanja, amadzitcha ma Loyalist, kutanthauza okhulupirika. Funso ndi lakuti, okhulupirika kwa yani?

Yankho linaoneka poyera mu 1912. Boma la Britain linabweretsa lamulo lopatsa Ireland nyumba ya malamulo yakeyake ku Dublin. Apulotesitanti a kumpoto anaona kuti m'nyumba imeneyo adzakhala ochepa mpaka kale, ndipo ankati ulamuliro wa Dublin udzakhala ulamuliro wa Roma. Zaka zochepa m'mbuyomo mpingo wa Katolika unali utakhwimitsa malamulo a maukwati a pakati pa Mkatolika ndi wa mpingo wina, ndipo zimenezi zinawonjezera mantha. Analinso ndi nkhawa ya m'thumba: Belfast unali mzinda wa mafakitale a nsalu ndi wokhoma zombo, kumene chombo cha Titanic chinamangidwa, ndipo msika wake unali Britain ndi maiko a ufumu wake.

Pa 28 Sepitembala 1912 mafakitale anatseka. M'mawa anthu anapita kumatchalitchi, kenaka anakasaina chikalata chotchedwa Pangano la Ulster. Woyamba kusaina anali Edward Carson, loya wa ku Dublin, patebulo loyalidwa mbendera ya Britain. Amuna 237,368 anasaina panganolo, ndipo amayi 234,046 anasaina chikalata chinzake. M'panganomo anadzitcha anthu okhulupirika a Mfumu George Wachisanu, koma m'mizere yomweyo analumbira kuti adzagwiritsa ntchito njira iliyonse yofunika kuti alepheretse lamulo la boma la mfumuyo. Chaka chotsatira anakhazikitsa gulu lankhondo, ndipo usiku wa pa 24 Epulo 1914 anatsitsa mozemba padooko la Larne ndi madooko ena mfuti pafupifupi 25,000 zogulidwa ku Germany.

Munthu angafunse kuti kukhulupirika kwamtundu wanji kumeneku, kogula mfuti zolimbana ndi boma lako. Amene anakulira mu CCAP sangavutike kwambiri kumvetsa, chifukwa muzu wake ndi umodzi. Amishoni amene anayambitsa Livingstonia mu 1875 ndi Blantyre mu 1876 anachokera ku Scotland, ndipo mpingo wa Presbyterian wa ku Ireland wakhala ukutumiza abusa, aphunzitsi ndi anamwino kudzagwira ntchito ndi CCAP kwa zaka zambiri. M'mwambo wa mpingo umenewu mawu akuti pangano ndi olemera. Mu 1638 anthu a ku Scotland anasaina pangano lokana mfumu Charles Woyamba pamene inafuna kuwakakamiza kapembedzedwe kachilendo. Chiphunzitso chake n'chakuti pangano limamanga mbali ziwiri. Ine ndikumvera iwe mfumu, malinga ngati iwe ukusunga mbali yako. Ukaphwanya, ndine womasuka kukukana, ndipo pokukanapo wokhulupirika ndine, wopanduka ndiwe. Munthu wokhulupirika mwa njira imeneyi sagona tulo tofa nato. Amakhala akuyang'anitsitsa mnzake wa m'panganoyo kuti aone pamene ayambire kutsetsereka.

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, amuna omwe aja amene anagula mfuti ku Germany analowa usilikali wa Britain kukamenyana ndi Germany. Pa 1 Julaye 1916, pankhondo ya ku Somme m'dziko la France, gulu lawo linataya amuna oposa 5,000 m'masiku awiri, ophedwa, ovulala ndi osowa, ndipo mwa iwo pafupifupi 2,000 anafa. M'misewu ina ya Belfast pafupifupi khomo lililonse munali maliro. Kuyambira pamenepo akhala akunena kuti pangano lawo ndi Britain linasainidwa ndi magazi, ndipo Britain ali nawo ngongole.

Koma pali chigawo cha nkhaniyi chimene sichimajambulidwa pazipupa. Ulster ali ndi maboma 9, ndipo Apulotesitanti a m'maboma onsewo anasaina pangano loti adzaimirirana. Pofika 1920, pamene chilumba chinkagawidwa, atsogoleri a ku Belfast anawerengera n'kuona kuti akatenga maboma onse 9, chiwerengero cha Akatolika chidzatsala pang'ono kufanana ndi chawo. Akatenga 6 okha, adzakhala awiri pa Mkatolika mmodzi aliyense. Anasankha 6. Apulotesitanti pafupifupi 70,000 a ku Cavan, Donegal ndi Monaghan anasiyidwa kutsidya kwa malire ndi abale awo enieni, amene analumbira nawo tsiku limodzi. Anthu oopa kuperekedwa anayamba dziko lawo popereka anzawo. Carson yemwe, polankhula m'nyumba ya malamulo ku London mu Disembala 1921, anadandaula kuti iye ndi Ulster yense anali zidole chabe m'masewera a andale a chipani cha Conservative ofuna kulowa m'boma.

Northern Ireland inabadwa mu 1921, ndipo chipani chimodzi cha Unionist chinalamulira zaka zoposa 50. Linga lija linasanduka boma. Mu Derry, mmene Akatolika anali ochuluka, malire a mawodi anadulidwa mwaluso kotero kuti makhansala 12 ankakhala a Unionist, 8 okha a mbali inayo. Pachisankho cha makhansala ankavota ndi olipira msonkho wa nyumba ndi akazi awo, choncho kumupatsa munthu nyumba ya khonsolo kunali kumupatsa voti, ndipo Akatolika ambiri anadikira nyumba zaka ndi zaka. Ntchito zabwino za m'boma ndi za kokhoma zombo zinkayenda m'manja mwa anthu a mbali imodzi. Ichi chinali chisalungamo, ndipo mantha a 1641 kapena a 1689 sangachiyeretse.

Mtsogoleri woyamba kuyesa kusintha zinthu anali Terence O'Neill, nduna yaikulu kuyambira 1963. Anayendera sukulu za Akatolika, ndipo mu Januwale 1965 anaitana mtsogoleri wa boma la Dublin, Seán Lemass, kuti adzacheze ku Belfast. Zinthu zazing'ono, mungatero. Koma panali mbusa wina wa mawu ngati bingu, Ian Paisley, amene anayambitsa mpingo wakewake wa Free Presbyterian mu 1951. Iye ndi omutsatira anamutcha O'Neill kuti Lundy, ndipo mu Epulo 1969 O'Neill anatula pansi udindo. Mu Ogasiti chaka chomwecho, perete wa bungwe lokumbukira anyamata 13 aja anadutsa pafupi ndi Bogside, komboni ya Akatolika imene ili m'munsi mwa linga la Derry. Miyala inauluka, nkhondo ya m'misewu inatha masiku atatu, ndipo asilikali a Britain anatumizidwa. Mtsogoleri wina wa Unionist, Brian Faulkner, anayesa kugawana mipando ya boma ndi Akatolika mu 1974. Ogwira ntchito achipulotesitanti ananyanyala, magetsi anazima, ndipo m'masabata awiri boma lakelo linagwa. Nayenso anatchedwa dzina lomwelo.

Ndisakupatseni chithunzi chakuti mantha a anthuwa anali a m'maloto. M'zaka 30 za chipwirikiti anthu oposa 3,500 anaphedwa, ndipo gulu limene linapha ambiri linali IRA, lomenyera kuti Ireland akhale dziko limodzi. Kumalire, alimi achipulotesitanti amene ankagwiranso ntchito yaupolisi kapena yausilikali ankawomberedwa ali pathirakitala. Pa 8 Novembala 1987, ku Enniskillen, bomba linaphulika anthu atasonkhana kukumbukira asilikali amene anafa pankhondo, ndipo anthu 11 anafa tsiku limenelo. Nawonso magulu ankhondo a ma Loyalist anapha anthu pafupifupi 1,000, ambiri mwa iwo Akatolika wamba amene mlandu wawo unali dera limene ankakhala.

Pali usiku umodzi umene ndikufuna tiimepo. Pa 5 Januwale 1976, minibasi yonyamula amuna ochokera kuntchito kufakitale ya nsalu inaimitsidwa ndi anthu amfuti pa Kingsmill, m'boma la Armagh. Dzulo lake, Akatolika a m'mabanja awiri anali atawomberedwa m'nyumba zawo m'dera lomwelo. Amfutiwo anawafoletsa amunawo n'kufunsa kuti Mkatolika pano ndani. Analipo mmodzi yekha. Anzake achipulotesitanti anaganiza kuti afuna kupha iyeyo, ndipo amene anaima naye pafupi anamufinya dzanja mumdimamo pomuuza kuti akhale chete, samuulula. Koma amfutiwo anamutulutsa pamzere n'kumuuza kuti athamange osacheuka. Otsalawo anawawombera. Anafa 10, mmodzi anapulumuka ndi mabala a zipolopolo 18. Khothi lofufuza za imfazi linagamula mu 2024 kuti anachita izi anali a IRA. Nkhani imeneyi ili ndi zonse ziwiri: chifukwa chenicheni chimene Apulotesitanti ankaopera, ndi dzanja lija lofinya dzanja la Mkatolika mumdima, limene nkhani ya linga ilibe malo oliikapo.

[Kanyimbo]

Tikupitiriza omvera. Tsopano tione bwenzi la kutsidya kwa nyanja lija. Mu Juni 1940, nkhondo itafika povuta, boma la London linauza mtsogoleri wa ku Dublin, Éamon de Valera, kuti likhoza kuvomereza mfundo ya Ireland mmodzi ngati iye atalowa nkhondo kumbali ya Britain. De Valera anakana, koma a ku Belfast anamva ndipo sanaiwale. Mu Malichi 1972 nduna yaikulu ya Britain, Edward Heath, anatseka nyumba yawo ya malamulo ya Stormont. Koma bala lalikulu linali la pa 15 Novembala 1985, pamene nduna yaikulu ya Britain, Margaret Thatcher, mayi amene IRA inafuna kumupha ndi bomba ku Brighton chaka chimodzi m'mbuyomo, amene a Unionist ankamuyesa wawo, anasaina mgwirizano ndi mtsogoleri wa ku Dublin, Garret FitzGerald, wopatsa boma la Dublin mawu pa nkhani za Northern Ireland. Atsogoleri a Unionist sanafunsidwe n'komwe. Phungu wina, Harold McCusker, anauza nyumba ya malamulo mmene anaimira kunja kwa geti ya Hillsborough, kumene mgwirizanowo unasainidwira, kudikira kuti wina amupatse pepala lonena za tsogolo la dziko lake, ndipo anadzifanizira ndi galu. Patatha sabata anthu oposa 100,000 anasonkhana pakati pa Belfast. Aphungu 15 anatula pansi maudindo. Thatcher sanasunthe. Mu 1990 nduna ya Britain, Peter Brooke, inanena poyera kuti Britain alibe phindu lakelake, la chuma kapena la chitetezo, limene likumusunga ku Northern Ireland. Mawuwa ankalunjika kwa IRA, powakopa kuti asiye nkhondo. Koma ganizirani mmene anamvekera m'khutu la munthu amene agogo ake anafera ku Somme. Zili ngati mwana kumva bambo ake akuuza alendo kuti uyu ndimangomusunga, akafuna kupita apite.

Pa 10 Epulo 1998, Lachisanu Loyera, panasainidwa mgwirizano wa mtendere. David Trimble, mtsogoleri wa chipani cha Ulster Unionist, anavomera, ndipo anapeza chinthu chachikulu: Northern Ireland idzakhalabe mu United Kingdom kufikira anthu ake ambiri atavota mosiyana, ndipo Dublin anachotsa m'malamulo ake mawu onena kuti kumpotoko ndi kwake. Koma mtengo wake unali wowawa. Akaidi amene anapha anthu anatulutsidwa m'zaka ziwiri. Polisi ya RUC, imene inataya apolisi pafupifupi 300, inasinthidwa dzina ndi chizindikiro mu 2001. Pa riferendamu anthu 71 pa 100 alionse anavomera, koma Apulotesitanti anagawanika pafupifupi pakati. Trimble analandira mphoto ya Nobel limodzi ndi John Hume wa mbali ya Akatolika, ndipo kwawo ankamukuwiza kuti Lundy. Chipani chake chinali ndi aphungu 10 ku London mu 1997. Mu 2005 chinatsala ndi mmodzi, ndipo Trimble yemwe anagwa.

Amene anakolola ndi Paisley ndi chipani chake cha DUP. Ndiye pa 8 Meyi 2007, Paisley yemwe uja, amene anagwetsa O'Neill, amene mu 1988 anakuwiza Papa John Paul Wachiwiri m'nyumba ya malamulo ya Europe, analumbira kukhala nduna yoyamba, wachiwiri wake ali Martin McGuinness, amene kale anali mkulu wa IRA mu Derry. Awiriwa anagwirizana modabwitsa, mpaka ankajambulidwa akuseka limodzi. Ine ndimaona kuti ichi chinali chinthu cholimba mtima kwambiri chimene nkhalambayi inachita pa moyo wake. Koma mankhwala amene anasakaniza yekha anamupeza. Ena mwa omutsatira anamutcha wopereka, mu Januwale 2008 anasiya utsogoleri wa mpingo umene anayambitsa yekha, ndipo pofika Juni anali atachoka pampando wa boma.

Za masiku ano ndingodutsamo mwachangu. Britain atavota zotuluka mu European Union mu 2016, panabuka funso la kumene katundu azidzayenderedwa. Mu Novembala 2018 Boris Johnson anaima pamsonkhano wa DUP n'kunena kuti palibe boma la Conservative limene lingavomere malire a kasitomu panyanja ya pakati pa Britain ndi Northern Ireland. Chisanathe chaka, ali nduna yaikulu, anavomera zomwezo. Mu Epulo 2021 achinyamata anatentha basi pamsewu wa Shankill ku Belfast. Kalembera wa chaka chimenecho anasonyeza koyamba kuti anthu ochokera m'mabanja achikatolika anali ochuluka kuposa anzawo: 45.7 pa 100 alionse, a m'mabanja achipulotesitanti 43.5. Ndipo mu Febuluwale 2024 Michelle O'Neill wa chipani cha Sinn Féin, chofuna Ireland mmodzi, anakhala nduna yoyamba ya dziko limene malire ake anadulidwa mu 1920 n'cholinga choti zoterezi zisadzachitike.

Ndikaiona nkhani yonseyi, ndimamva chisoni ndi anthu amenewa, ndipo sindikubisa. Pa nkhani ya London sanalakwitse kukayikira. Kangapo konse anagona ali ndi lonjezo n'kudzuka litasungunuka. N'zopweteka kukonda dziko limene anthu ake ambiri, ukapita ku London kapena ku Manchester, amangokutcha munthu wa ku Ireland. Koma pa nkhani ya atsogoleri awo ndikuona kuti dzina la Lundy lawadyera zambiri. Zimene Faulkner anavomera mu 1973 sizinasiyane kwenikweni ndi zimene Trimble anavomera mu 1998, ndipo pakati pa zaka ziwirizi panaikidwa maliro oposa 2,000. Nthawi iliyonse imene anagwetsa wokambirana, wobwera pambuyo pake anakakambirana ali ndi zochepa m'manja. Ndipo mtengo wake waukulu unagwera ana a m'makomboni monga Shankill, kumene ntchito zokhoma zombo zinatha, kumene anyamata ambiri amasiya sukulu opanda satifiketi, ndipo chimene chatsala choti agwire ndi mbendera ndi ng'oma.

Si onse anakhala m'kati mwa linga. Mu 1798 a Presbyterian ambiri anaukira Britain limodzi ndi Akatolika, ndipo Henry Joy McCracken ananyongedwa ku Belfast chifukwa cha zimenezo. Mbusa Ray Davey anayambitsa malo oyanjanitsa anthu a Corrymeela mu 1965. Gordon Wilson, wa mpingo wa Methodist, amene anagwira dzanja la mwana wake wamkazi akumwalira pansi pa zigumu ku Enniskillen, ananena pawailesi kuti sakusunga chakukhosi ndipo awapempherera opha aja. Mu 2005, IRA ikuwononga zida zake, mboni ziwiri zimene zinaitanidwa zinali mbusa Harold Good wa Methodist ndi bambo Alec Reid achikatolika.

Mu Derry momwemo, Apulotesitanti zikwi zambiri anawoloka mtsinje wa Foyle kuchoka kumbali ya linga m'zaka za chipwirikiti. Otsala ndi ochepa, m'kadera kotchedwa Fountain, kotchingidwa ndi mpanda wautali, ndipo pachipupa china analembapo kuti adakazingidwabe. Komabe kuyambira chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990, bungwe lokumbukira anyamata 13 lija linayamba kukambirana ndi anthu a ku Bogside za njira ndi nthawi ya perete wawo, amalonda a mumzindamo ali pakati. Ena anawatonza chifukwa cha kukambiranako. Lero perete wawo amayenda pamwamba pa linga, mumzinda umene Akatolika ndi ochuluka kwambiri, nthawi zambiri popanda mwala kuuluka.

Nanga Lundy weniweniyo zinamuthera bwanji? Anagwidwa ku Scotland n'kutsekeredwa mu Tower of London. Anafunsidwa ndi aphungu, koma sanamuzenge mlandu woukira, ndipo anatulutsidwa. Akatswiri ambiri a mbiri lero amati sanali mthirakuwiri, anali msilikali amene anayang'ana linga ndi nkhokwe n'kuona kuti sizikwanira, ndipo analakwitsa poyeza mitima ya anthu ake. Patapita zaka anabwerera kunkhondo, kumbali ya England ndi abwenzi ake, polimbana ndi France, mpaka anagwidwa ukaidi ndi Afalansa. Disembala akubwerayu, mumsewu wa Bishop Street, adzamuvekanso yunifolomu yake n'kumukoleka, ng'oma zikulira.